Tsitsi la Mayi a mu 214

1.

Wina walowa.

2.

Mayi Belita Mtambalika anaima pakhomo pa chipinda 214, kakhadi kotsekulira chitseko kali m'manja, n'kumanunkhiza ngati munthu wofuna kudziwa ngati mkaka wasasa. Pochoka m'mawa, bulangete anasiya atalipinda patatu, monga anaphunzitsira atsikana a ku Mponela kwa zaka makumi atatu. Tsopano linali litakokedwa kuti gwa, loti mwana n'kuimbapo ng'oma. Papilo panali poyera kuti mbee.

Apo ndiye panali nkhani, chifukwa papilo pomwepo m'mawa panali tsitsi lawo.

3.

Za hotelayi anakonza ndi Ulemu, mwana wawo wokhala ku Joni, pafoni chabe. Ndi imodzi mwa mahotela aja obadwa mimba imodzi: ya ku Mzuzu, ya ku Blantyre, ndi ino ya ku Lilongwe ku Area 47. Makatani amodzimodzi, chithunzi cha mlambe chimodzimodzi pamwamba pa bedi, ngakhale kumwetulira kwa atsikana olandira alendo kumaoneka kotapa m'thumba limodzi. Si ya nduna, komanso si ya oyendetsa mathiraki. Ndi ya anthu a misonkhano, aja oyenda ndi timabaji m'khosi.

Amayi, chipatala n'chapafupi pamenepo, ndiponso simudzachita kupempha malo kwa munthu, anatero Ulemu.

Bere lakumanzere madokotala anali atachotsa kale. Uwu unali ulendo wachiwiri wa mankhwala a dilipi aja owotcha m'mitsempha, ndipo magazi atapezeka ochepa, adokotala anati akhale pafupi masabata awiri, azibwera m'mawa uliwonse. Anawachenjezanso kuti tsitsi lithothoka, asadabwe. Mayi Mtambalika sanadabwe. Za kuthothoka anamva bwinobwino. Koma palibe dokotala amene ananena kuti likathothoka lizisowa.

Likupita kuti?

4.

Zomwe zimasintha iwo ali kuchipatala, monga anazilembera kuseri kwa pepala la mankhwala:

masilipasi, kuchoka kukhomo kufika m'mbali mwa bedi
zenera, lotseka okha, kulipeza lotsekula pang'ono
beseni lomwe sanapemphe, pansi pa bedi
sopo wonunkhira wa hotela, kusowa, m'malo mwake kasopo kosanunkhira kanthu
tsitsi la papilo
tsitsi la m'chipeso
tsitsi la pabowo potulukira madzi m'bafa

5.

Uli ndi zaka zisanu ndi ziwiri, Belita, wakhala pamwala kuseri kwa nyumba, amayi ako akukumeta ndi lumo losweka pakati. Akamaliza sakuti pita ukasewere. Tola, akutero. Lonse. Ukutola mpaka la mumchenga, lina likumatirira kuzala za thukuta. Iwo akukumba ndi chikwanje patsinde pa nthochi, akukwirira, akupondaponda ndi chidendene.

Tsitsi ndi munthu, mwanawe. Wolitola watola iwe.

6.

Tinene zoona. Mayi Mtambalika ndi mayi wa Mvano, wa bulauzi yoyera ndi nyimbo zonse pamtima. Za ufiti sakhulupirira. Amangosamala.

Ndipo chosamalira chinalipo, dzina lake Esitere, mlongo wa malemu amuna awo. Nyumba ya malata ya pafupi ndi msika wa Mponela Esitere ankaiona ngati ya kwawo. Tsiku lomwe akuluakulu anagamula kuti wamasiye asasunthe, Esitere anaimirira, anakutumula chitenje, nati, tiona amene adzakalambire m'nyumbamo. Patapita miyezi isanu ndi itatu, kachotupa m'bere. Mayi Mtambalika sananene kanthu kwa munthu, ngakhale kwa abusa, koma mawu ajawo anawasunga pamalo osanyowa.

7.

Tsiku lachinayi chifikireni pahotelapo anakumana naye mukolido. Mzimayi wamfupi, wa zaka ngati makumi anayi ndi zisanu, manja otuwa ndi sopo, akukankha ngolo ya matawulo. Pachifuwa kabaji: Rozina.

Mwaswera bwanji, mayi? anatero Rozina, akupinda maondo pang'ono.

Ndaswera. Ndinu mumakonza mu 214?

Ndine, mayi.

Kwanu n'kuti?

Ku Dowa.

Dowa ndi yaikulu.

Cha ku Madisi, mayi.

Madisi. Kumene kunakwatiwa Esitere.

Maso a Rozina sanali pankhope pawo. Anali paduku, m'mphepete cha kukhutu, pomwe khungu linayamba kuonekera. Anayang'ana mopitirira ulemu, anatsekula pakamwa ngati anena kanthu, natsekanso, n'kukankha ngolo yake. Mayi Mtambalika anachita mantha, ndipo chifukwa sanazolowere mantha anawasandutsa ukali. Ine ndine galu wamkota, anadziuza, sindikandira pachabe.

8.

Amayi, imeneyo ndi ntchito yake, anatero Ulemu pafoni. Kuhotela kulikonse amalowa.

Kuchipinda kwa munthu? Pabedi pa munthu? Iwe wemwe, mwana wobala ndekha, unalowapo kuchipinda kwanga utakula?

Ndiye kolekani kakhadi kaja pachitseko, koti asakusokonezeni. Koma chonde, musayambe za azakhali a Esitere.

Ndatchula munthu ine?

Simunatchule. Ndamva kapumidwe kanu.

9.

Anakakoleka. Masiku awiri palibe analowa. Tsitsi la papilo anatola okha, nalibisa mu envelopu pakati pa Yobu ndi Masalimo. La pabowo la m'bafa linawakanika, chifukwa akawerama dziko limazungulira ndipo chilonda cha m'khwapa chimakoka. Ankangoliyang'ana lili apo, lakuda ndi loyera, litapotana. Nthaka yokwirira kunalibeko. Panja ponse njerwa zoyala, maluwa ali m'miphika.

Lamulungu anapita kutchalitchi cha pafupi. Pobwerako, kakhadi kali pomwe anakasiya, koma pabowo paja pali mbee.

Wina walowa.

Anatembenuza kakhadi. Kuseri kunali zilembo zing'onozing'ono.

Alendo athu okondedwa, timalemekeza mpumulo wanu. Komabe pofuna kuteteza inu nomwe, wantchito wathu adzalowa m'chipinda chilichonse pakatha masiku awiri. Kwathu n'kwanu.

Kwanu kuti, anatero Mayi Mtambalika, akuyankha kakhadi. Kwathu chitseko chimamvera mwini.

10.

Lolemba masana, atagona chifukwa cha mseru, anamva mawu kunja kwa chitseko, otsika ngati a munthu wosafuna kumveka.

Inde, a mu 214 omwewo. Sakudya. Ayi, musanene kuti ndine.

Sipanapite ola, kugogoda. Woperekera zakudya, mbale ili pathileyi. Phala la mgaiwa, la nsinjiro, lofunda bwino.

Sindinaitanitse.

Angondituma, mayi.

Ndani?

Kukhitchini.

Fungo lake linali la kwawo, ndipo kwa nthawi yoyamba m'sabata yathunthu malovu anadzaza m'kamwa. Ndicho chinawaopsa kwambiri. Nyambo imakhala yokoma. Anathira phala lonse m'chimbudzi, nagujumula kawiri, kenako anakhala pabedi n'kulira ndi njala.

11.

Lachiwiri anachita dala, anasiya tsitsi papilo kamulu konse, anatsika ngati akupita kuchipatala, anapatsa moni mlonda pageti, anayenda mpaka pa amayi ogulitsa nthochi pakona, anagula ziwiri zomwe sanazifune n'komwe, nabwerera pang'onopang'ono, kukwera masitepe mogwirira chitsulo chifukwa chikepe chimalira chikafika, ndipo ngolo ya matawulo inali pakhomo pa 214, chitseko chili chosatsekeka kwenikweni, ndipo pampata pamenepo anamuona Rozina atagwada pambali pa bedi akutola ndi nsonga za zala, la papilo, la pansalu, la pansi, mosafulumira ngati wosankha mpunga, kenako anatulutsa kapepala, nakulunga, napinda kanayi, nalemba kanthu ndi pensulo, ndipo thumba lakuda la zinyalala linali pomwepo lili yasa koma kapepalako sikanapite m'menemo, kanalowa m'thumba la epuloni, ndipo Rozina anasisita thumbalo kawiri monga amachitira munthu ndi chinthu chomwe wina akuchidikira

12.

Ndamugwira.

13.

A Likongwe, manijala wa hotela, anali bambo wa tayi yabuluu yofanana ndi makatani. Anamvetsera mutu uli chopendeka, manja atapinda patebulo.

Tsitsi, mayi?

Tsitsi. Langa. Pitani mukaone m'thumba mwake.

Anapita akumwetulira, anabwerako kumwetulira kutatha. M'kabati momwe Rozina ankasungamo zovala zake anapezamo timapepala tisanu, kuphatikiza ka m'thumba kukhala tisanu ndi kamodzi. Pamwamba pa kalikonse, ndi pensulo: 214, ndi tsiku. A Likongwe anaphunzira za mahotela mpaka kunja, ndipo nawonso za ufiti sakhulupirira. Timapepalato anatikankhira mujumbo ndi cholembera, osatikhudza ndi chala.

Pepani kwambiri, mayi. Zaka khumi ndi chimodzi wagwira kuno, sitinamvepo kanthu. Akuti akufuna alankhule nanu.

Ndamva kale ndi maso.

Wafotokoza zake, koma lamulo lathu silifunsa chifukwa. Chilichonse cha mlendo chikalowa m'thumba la wantchito, kumeneko n'kuba. Malamulo ndi amodzi m'mahotela athu onse. Kalata ikupita kulikulu ku Blantyre lero lomwe.

Potuluka mu ofesi anamuona Rozina ataima kumapeto kwa kolido, epuloni ili m'manja. Mayi, anaitana, mosakweza mawu. Mayi Mtambalika anayang'ana kutsogolo monga ankachitira podutsa ana opatsidwa chibalo.

14.

Masana amenewo anadya mpunga mbale yonse. Anaimbira Ulemu, nati, uja umati ndi ntchito yake uja. Jumbo ya timapepala yomwe a Likongwe anawapatsa anaiponya pamwamba pa kabati, osaitsekula. Anali wokondwa, tisabise. Kukondwa kwa munthu amene wapeza kuti matenda ake ali ndi nkhope, ali ndi dzina, ndipo amatha kuchotsedwa ntchito.

15.

Lachitatu anachedwa kudzuka, ndipo wokonza watsopano anawapeza ali m'chipinda. Bambo wamtali, waulemu, wosayang'ana munthu paduku kapena paliponse. Anabwera ndi makina oyamwa fumbi.

Ndikonze, mayi?

Konzani. Ndili pompano.

Anakhala pampando manja ali pamaondo, kuti aone bwino. Bamboyo anakutumulira pilo pansi. Makina analira, nadutsa kamodzi, tsitsi lonse psiti. La m'bafa anakokolola ndi pepala osayang'ana n'komwe. Kenako anatsekula mimba ya makina aja n'kukhuthulira m'thumba lakuda, pamodzi ndi za mu 212, za mu 213, zotsala za chipisi, thonje la m'makutu mwa anthu osawadziwa. Anamanga thumba. Mphindi zisanu ndi ziwiri, ntchito yatha. Masilipasi anawasiya kukhomo. Zenera lotseka. Pasinki sopo wonunkhira uja, ndipo fungo lake linawatembenuza m'mimba nthawi yomweyo.

Limenelo likupita kuti?

Kuseri, mayi. Galimoto imadzatenga, kupita nazo kumtaya.

16.

Zenera la 214 limayang'ana kuseri. Masiku onsewa sanasuzumirepo, maso anali kuchitseko.

Kuseri kunali geti laling'ono ndi mulu wa matumba akuda. Galimoto isanafike, anthu anali atafika kale: wina wofuna mabotolo, wina wofuna zodyetsa nkhumba, mayi wina wobereka mwana akung'amba thumba lililonse ndi kamtengo. Akhwangwala ali pampanda kudikira nthawi yawo. Thumba lina linang'ambika, mphepo inanyamula fumbi lotuwa n'kuliwaza mumsewu, pansi pa matayala a kabaza, pamapazi a aliyense wodutsa.

Tsitsi ndi munthu.

Masiku asanu ndi anayi, ndipo lero ndi loyamba kuti Belita Mtambalika afike kudzala.

Anakwera pampando, chizungulire chili apo, natsitsa jumbo ija.

17.

Timapepalato tinali topinda mwaukhondo, makona ofanana, zoti mphunzitsi wa zosoka akanapereka mamalikisi onse. Pamwamba, 214 ndi tsiku. Zimenezo anaziona kale. Anatembenuza kamodzi. Kuseri kunalinso pensulo, zilembo zazikulu za munthu amene sukulu anaisiyira panjira.

Kuwapatsa pochoka.

Anatembenuza kachiwiri. Kachitatu. Tonse tisanu ndi kamodzi, mawu omwewo.

Manyazi.

18.

Ndinalakwitsa, bambo Likongwe. Bwezani kalata ija.

Mayi, ikanakhala m'manja mwanga. Yalowa kale m'makina a kulikulu. Ife kuno tikatumiza, sitibweza.

Wodandaula ndine. Ndafafaniza dandaulo.

Mutha kulemba yanu, tiitumiza. Koma sindikulonjezani. Kumeneko samudziwa Rozina, amadziwa nambala yake ya ntchito.

Amakhala kuti?

Sitiloledwa kunena. A Likongwe anakonza tayi yomwe inali yokonzeka kale. Koma Lachisanu m'mawa abwera kudzabweza yunifolomu. Antchito amalowera geti la kuseri.

Tsiku limenelo Mayi Mtambalika analemba masamba anayi, ndi dzanja lomwe linkalemba malipoti a sukulu. Kalata ya munthu wodziimba mlandu yekha imavuta, anang'amba katatu.

19.

Lachisanu, cha m'ma seveni, pageti la kuseri pafupi ndi matumba akuda. Rozina anatulukira atavala chitenje ndi juzi, envelopu ya kalata yochotsedwa ntchito ili m'manja. Popanda kabaji ankaoneka ngati mayi aliyense amene ungakhale naye benchi limodzi ku Mvano.

Mayi Rozina.

Rozina anaima. Sanapinde maondo. Anawayang'ana kuyambira kuduku mpaka kumapazi.

Mwadzuka bwanji, mayi. Mukudya?

Funsolo linawalasa Mayi Mtambalika kuposa chipongwe chilichonse chomwe anakonzekera kulandira.

Bwanji simunandiuze?

Kuno wantchito saloledwa kulankhula za thupi la mlendo. Ndiponso munthu wamanga duku kuti abise, ine ndikamuuze kuti ndaona?

Esitere wa ku Madisi mumamudziwa?

Ku Madisi tinasamukako banja lonse ndili ndi zaka khumi, mayi. Sindidziwako ndi galu yemwe.

Galimoto ya zinyalala inali isanafike. Wa mabotolo anali atayamba kale ntchito yake.

Mkulu wanga anadwala omwewa, anatero Rozina. Ndinamudwazika ndine, miyezi isanu. Tsitsi lake linapita ndi tsache la anthu osamudziwa, ine maso ali pa mankhwala, sindinaganize. Titafika ndi maliro kumudzi, amayi athu sanafunse za bokosi. Anafunsa kuti tsitsi la mwana wanga lili kuti. Mpaka lero amafunsabe. Ndiye nditaona papilo panu, ndipo kuno ndikudziwa kumene matumba amathera, dzanja linakana.

Nanga zina zija?

Ziti?

Mayi Mtambalika anatulutsa pepala la mankhwala lija, lolemba kuseri. Anawerenga, ndipo Rozina ankayankha ngati akuwerenga mndandanda wa ntchito.

masilipasi: podzuka chizungulire chimagwira, musamawafune patali
zenera: mpweya wotsekeredwa umadzutsa mseru
beseni: nthawi zina kubafa kumatalika
sopo: wa fungo uja mkulu wanga ankasanza akangomumva
phala: la nsinjiro ndi lokhalo lomwe ankalimeza

Linakoma? anafunsa Rozina.

Ndinataya.

Rozina anagwedeza mutu pang'ono, ngati munthu amene ankadziwa kale.

Ndalemba kalata kulikulu, anatero Mayi Mtambalika. Akapanda kuyankha ndikwera basi, ndikakhala pakhomo pawo ndi mutu uno mpaka atope nane.

Zili kwa iwo, mayi. Ine ndili ndi ana atatu, Lolemba ndiyamba kuyenda m'makomo.

Sanati ndakukhululukirani, ndipo Mayi Mtambalika sanapemphe, chifukwa ankadziwa kuti si chinthu chopempha pageti. Anayang'ana manja otuwa aja. Kenako anakweza dzanja lakumanja, lomwe limakwera, namasula mfundo ya duku. Pamaso pa wa mabotolo, pamaso pa mlonda, pamaso pa akabaza. Mutu unali mbee ngati wa khanda, kupatula katsitsi kochepa kunkhongo. Anakagwira, ndipo sikanakane, kanabwera konse m'dzanja.

Ndatsala ndi masiku atatu muno, ndipo makina aja sasankha. Ili ndi lomaliza. Ndisungireni.

Rozina anayang'ana dzanja lotambasulalo nthawi yaitali.

Mayi, mukudziwa chimene mukundipatsa?

Ndikudziwa. Amayi anga anandiuza ndili mwana.

Rozina anafunafuna m'matumba a juzi, koma pepala munalibe. Ndiye anatsekula envelopu ija, nang'amba m'munsi mwa kalata yomuchotsa ntchito, pomwe panalibe zilembo. Anakulunga. Anapinda kanayi, makona ofanana. Kapensulo kanali komweko, m'mphepete mwa chitenje.

Nambala ya chipinda sanalembe.

Dzina lanu ndani, mayi?

Belita.